Ulendo wa therere kuchokera ku Nile kufika pa Zigwagwa

Therere ndi Mzuzu sizigwirizana kwenikweni. Mzindawu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Njere ya therere ikagwera m'dothi lozizira chotero imangokhala duu, mwinanso kuolera pomwepo, chifukwa imafuna nthaka yofunda bwino, ya madigiri 20 kupita m'mwamba, kuti iphuke msanga. Nyengo imeneyi m'madimba a m'mbali mwa Lunyangwa mumasangalala kabichi, mpiru, repu ndi tchainizi. Koma anthu a mu Mzuzu therere salileka. Likasowa m'minda ya pafupi, limakwera mapiri m'mabasiketi ndi m'matumba kuchokera kumalo otentha, cha kunyanja ku Nkhata Bay, kuchigwa cha Henga ndi ku Karonga, n'kudzatsikira mumsika waukulu, pa Zigwagwa, ku Chibavi ndi ku Luwinga.

Munthu woyang'anitsitsa milu ya pamsika amaona kuti si therere limodzi. Pali lobiriwira kwambiri, lowongoka, la mizere isanu, lofanana lonse msinkhu. Pali lalifupi lonenepa, la mizere isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, la cheya choyabwa m'manja. Pali lalitali lopindika kunsonga, lotuwirako, ndipo nthawi zina mumulu mumapezeka lina lofiirira m'mizere kapena kutsinde. Wogula wodziwa amatola limodzi, n'kupinda kansonga ndi chala chachikulu. Kakathyoka kuti thyo, ndiye lanthete. Kakangopindika, lakhwima, ndipo mumphika likakhala zingwe zokhazokha. Wogulitsa amayang'ana mwakachetechete kawiri, kachitatu n'kuyankhula: “Amama, mundithera katundu, lonseli ndi la lero.” Kuyesa kumeneku kumauza wogula za tsiku limene therere linathyoledwa, komanso za mtundu wake, pakuti lina limakhwima pakangopita masiku anayi kapena asanu duwa litagwa, pamene lina limapirira n'kukula lisanaume mtima.

Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo ndi yaitali kuposa ya mzinda umene likugulitsidwamo.

Poyamba m'pofunika kupatula bwino, popeza m'khitchini ya ku Malawi mawu oti therere, kapena delele kwa olankhula Chitumbuka, amanena ndiwo zilizonse zonanda. Denje, limene limamera lokha m'minda ndi m'madambo, ndi therere. Ndi mbewu ya banja la Corchorus, yomwe ku Egypt ndi ku Nigeria amalima mwadala ngati ndiwo yapamwamba, ndipo ku Bangladesh amapangira ziguduli kuchokera ku luzi lake. Chewe, m'bale wake wa chitowe, ndi therere. Masamba anthete a nkhwani akaphikidwa ndi chidulo pamodzi ndi zonanda amalowa m'gulu lomwelo. Lobereka zipatso zosongoka lija anthu amalisiyanitsa polipatsa dzina la therere lobala, ndipo akatswiri amalitcha Abelmoschus esculentus. Mayina otere analembedwa kale ndi Jessie Williamson, katswiri wa zakudya amene anagwira ntchito m'kafukufuku wa kadyedwe ka anthu wa mu 1938 ndi 1939 m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, motsogozedwa ndi dokotala B. S. Platt. Buku lake lakuti Useful Plants of Nyasaland linatuluka ku Zomba mu 1955, ndipo linasindikizidwanso mu 1975 ndi dzina la Useful Plants of Malawi. Mpaka lero wofuna kudziwa zimene agogo ankathyola kutchire amayambira m'bukuli.

Chimene chimamanga ndiwo zonsezi pamodzi ndi kaphikidwe. Mayi amawotcha zitsononkho, makoko a nyemba kapena a nthochi, n'kuika phulusa m'kachitini kobooledwa pansi, n'kuthirapo madzi pang'onopang'ono. Madzi ofiirira amene amadontha ndiwo chidulo. M'tauni ambiri anasiya kucheza chidulo, amangogula kapaketi ka soda pa okala. Madzi akawira, therere loduladula limalowa, limachita thovu lofuna kusefukira, mayi n'kumalipukusa, kenako tomato ndi mchere, ndipo pasanathe mphindi khumi ndiwo zapsa. Silifuna mafuta, silitha nkhuni, ndipo kambale kamodzi kamatsitsa mitanda ya nsima ya banja lonse. A zaumoyo amadandaula kuti soda amapha mavitamini ena, makamaka C ndi B1, ndipo akunena zoona, ngakhale kuti alangizi amene anayesa kuuza amayi kuti aziphika therere popanda soda amadziwa mmene amayankhidwira. Palinso abambo ena amene amalumbira kuti therere limafoola mwamuna. Umboni wake palibe, ndipo ambiri mwa olumbirawo amapezeka atatsuka mbale.

Mfundo ya kaphikidweyi ndi yofunika pa nkhani ya mitundu. Kumene anthu amadya therere lokazinga, monga ku India, amasankha mbewu yosananda kwambiri. Kuno mayi amasunga njere za tsinde limene therere lake linakoka bwino pachipande. Zaka mazanamazana za kusankha kotere zimasiya chizindikiro m'chibadwa cha mbewu.

Kumene therere lobala linayambira ndi nkhani imene akatswiri akukanganabe. Ena amaloza ku mapiri a Ethiopia, Eritrea ndi kum'mawa kwa Sudan. Wotchuka pa gulu limeneli ndi Nikolai Vavilov wa ku Russia, amene mu 1927 anayenda ndi nyulu m'dziko la Abyssinia akutolera mbewu, n'kuika therere pamndandanda wa zomera zochokera kumeneko pamodzi ndi khofi ndi tefu. Munthu ameneyu, amene anasonkhanitsa nkhokwe ya mbewu yaikulu kuposa zonse za m'nthawi yake, anafa ndi njala m'ndende ya ku Saratov mu 1943. Ena amaloza ku India, ndipo umboni wawo uli m'kati mwa selo. Munthu ali ndi makromozomu 46, chimanga chili ndi 20, koma therere lobala kawirikawiri limapezeka ndi 130. Chiwerengero chachikulu chotere chimasonyeza kuti kalekale zomera ziwiri zosiyana zinakwatirana, mwana n'kutenga katundu yense wa makolo onse awiri. Mu 1956 akatswiri awiri a ku India, Joshi ndi Hardas, anasonyeza kuti limodzi mwa makolowo liyenera kukhala Abelmoschus tuberculatus, therere lakutchire la makromozomu 58 limene limamera kumpoto kwa India, ndipo linalo ndi chomera cha makromozomu 72. Kuphatikiza ziwirizi kumapereka 130 ndendende. Komabe abale akutchire a therere amapezekanso mu Africa, ndiye mlanduwu sunagamulidwe.

Zolembedwa zakale n'zochepa. Imodzi mwa nkhani zoyambirira ndi ya Abu al-Abbas al-Nabati, katswiri wa zomera wa ku Spain ya Asilamu, amene anafika ku Egypt mu 1216 n'kufotokoza mmene anthu a m'mbali mwa Nile ankadyera zipatso zanthete za chomerachi. Katswiri wa zomera Linnaeus anachiika m'gulu la Hibiscus mu 1753, pamodzi ndi chidede, ndipo dzina limene chili nalo lero anachipatsa ndi Conrad Moench mu 1794. Ubale wake ndi thonje suchita kufunsa. Duwa lachikasu la kadontho kofiira pakati limafanana, ndipo alimi a thonje a ku Karonga ndi Salima amadziwa kuti mbozi ndi tizilombo tina ta thonje sitisankha pakati pa mbewu ziwirizi.

Kumadzulo kwa Africa nkhani inakula. Kumeneko alimi ankadziwa kalekale kuti ali ndi therere la mitundu iwiri, lina locha msanga la nthawi ya mvula, lina lochedwa, lalitali kuposa munthu, limene limapitiriza kubereka mvula itatha. Asayansi anatsalira m'mbuyo. Auguste Chevalier analemba za lachiwirilo mu 1940 ngati kagulu chabe ka chomera china. J. S. Siemonsma, atafufuza ku Côte d'Ivoire, anasonyeza mu 1982 kuti ndi chomera chapachokha cha makromozomu pafupifupi 190, ndipo mu 1988 J. M. C. Stevels anachipatsa dzina la Abelmoschus caillei. Ukakwatitsa mitundu iwiriyi ana amabadwa, koma ambiri amakhala osabereka. M'zaka za m'ma 1980 Serge Hamon ndi anzake a bungwe la ORSTOM anasonkhanitsa ndi kubzala mazana ambiri a mbewu za therere za m'maiko a kumeneko pa siteshoni ya Adiopodoumé pafupi ndi Abidjan, n'kupeza kuti kumadzulo kwa Africa ndiko kuli kusiyana kwakukulu kwa maonekedwe a mbewuyi. Msonkhano wa akatswiri umene unachitikira ku New Delhi mu Okutobala 1990 unagwirizana zowerenga mitundu isanu ndi inayi ya banja la Abelmoschus, yolimidwa ndi yakutchire.

Mbewu za ndiwo siziyenda ndi makalata. Zimayenda zomangidwa pansonga ya chitenje, m'thumba la mlendo, m'katundu wa mkwatibwi wopita kumudzi kwa mwamuna wake. Koma njira zimene mbewu zina zinadzera pofika kunyanja ya Malawi zimadziwika. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo chigwa cha Zambezi ndi Shire chinakhala khomo la chimanga, chinangwa ndi zina zochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Kumpoto, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, amalonda a minyanga otchedwa Balowoka anawoloka nyanja cha ku Chilumba, ndipo mtsogoleri wawo Mlowoka anakakhazikika ku Nkhamanga, kumene kunayambira ufumu wa Chikulamayembe. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anamanga likulu lake ku Nkhotakota, n'kulumikiza nyanjayi ndi Kilwa ndi Zanzibar, kumene therere n'lakalekale pa mphika wa Aswahili. Pambuyo pake kunabwera amwenye a masitolo ndi timinda ta kuseri kwa nyumba zawo, kenako anyamata a Chitonga ndi Chitumbuka obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni, ku Salisbury, ku Copperbelt ndi ku Lupa m'dziko la Tanganyika. N'zovuta kukhulupirira kuti mbewu yosavuta kunyamula chotere inalowa m'dziko muno kamodzi kokha, pa khomo limodzi.

Mzuzu anadzakhala posonkhanira zonsezi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pamalopa panali esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake ankayengera mafuta a penti, pansi pa Colonial Development Corporation. Malonda a tung anagwa, koma tauni inatsala, n'kukhala likulu la chigawo cha kumpoto, n'kulandira ulemu wa mzinda mu 1985. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272. Pafupifupi banja lililonse lili ndi kwawo kwina: Atonga a ku Chintheche, Ankhonde a ku Karonga, Alambya a ku Chitipa, Angoni a ku Mzimba, Atumbuka a ku Rumphi, ndiponso Achewa, Ayao ndi Alomwe amene anabwera ndi ntchito za boma, za usilikali ku Moyale kapena sukulu ku Mzuzu University. Kuseri kwa nyumba za ku Chiputula, Masasa ndi Mchengautuwa, kumene mapesi a chimanga amapikisana ndi zingwe zoyanikira zovala, mumapezeka mitsinde isanu kapena khumi ya therere imene njere zake zinachokera kwa apongozi kumudzi. Mipanda ya ku tauni ndi yoyandikana, ndipo njuchi sizidziwa malire a puloti.

Koma therere lofanana msinkhu lija, limene ladzaza milu yambiri, linabwera pa njira ina, yozungulira kwambiri.

Zombo za akapolo zinanyamula therere kuchokera kumadzulo kwa Africa ndi ku Angola kupita ku America. Pofika 1658 linali litalembedwa kale ku Brazil, mu 1686 ku Suriname, ndipo Thomas Jefferson wa ku United States analitchula pakati pa mbewu za m'minda ya ku Virginia m'zaka za m'ma 1780. Akapolo ndiwo ankalilima m'timinda tawo n'kuliphika m'makhitchini a mabwana awo, mpaka linakhala chakudya cha onse kum'mwera kwa United States. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, khofi atasowa, anthu a kumeneko ankakazinga njere za therere n'kuzipera kuti amwe m'malo mwake, nkhani imene alimi a khofi a ku Misuku ndi ku Phoka angaimve ndi chisoni. Vuto la therere la nthawi imeneyo linali cheya chobaya, chimene chinkatupitsa manja a othyola. Mlimi wina wa ku South Carolina anakhala zaka zambiri akusunga njere za mitsinde yosayabwa yokhayokha, ndipo akatswiri a pa koleji ya Clemson anatenga mbewu yakeyo, n'kuisankhanso, n'kuitulutsa mu 1939 ndi dzina la Clemson Spineless. Koleji imeneyi inamangidwa pa munda wa Fort Hill, umene kale unkalimidwa ndi akapolo.

Dzina limeneli ndilo limapezeka kawirikawiri pa timapaketi ta m'masitolo a zipangizo zaulimi, kuyambira ku Johannesburg mpaka ku Mzuzu. Zifukwa zake n'zomveka. Limayamba kubereka pakatha miyezi iwiri yokha, siliyabwa, limaoneka bwino pamulu, ndipo wopikula amadziwa chimene akugula. Mlimi wa dimba amene akufuna ndalama ya fizi sangaimbidwe mlandu posankha mbewu yotere. Ndiye therere limene linachoka mu Africa m'chombo cha akapolo linabwerera m'kapaketi ka chithunzi, patapita zaka mazana atatu, litasiya m'njira zambiri za chibadwa cha makolo ake.

Clemson Spineless si haibulidi. Njere zake zikabzalidwanso zimabereka ngati make, ndiye alimi ambiri amagula kamodzi n'kumasunga okha. Apa ndi pamene nkhani ya lokolo ndi yamakono imasokonekera. Duwa la therere limatseguka m'mawa, n'kufota tsiku lomwelo. Lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi pamodzi, ndipo nthawi zambiri limadzipatsa lokha mungu, n'chifukwa chake mtundu umatha kukhala zaka osasintha kwambiri. Koma duwalo ndi lalikulu, lowala, ndipo njuchi zimalikonda. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amapeza kuti pa maluwa 100 alionse, pakati pa 4 ndi 19 amalandira mungu wa tsinde lina, ndipo kumene tizilombo tachuluka chiwerengerochi chimatha kufika pa 40. Mzere wa mbewu ya m'sitolo ukayandikana ndi mzere wa mbewu ya agogo, pakatha zaka zitatu palibenso amene angalumbire kuti iyi ndi iti. Therere lina limene anthu amalitcha la makolo lingakhale ndi magazi a ku South Carolina, ndipo mwina lina limene amalitcha la m'paketi linalowerera kale.

Wosankha weniweni ndi mayi wa pamunda. Iye amathyola tsiku lililonse lachiwiri kapena lachitatu, chifukwa therere likasiyidwa kuti likhwime tsinde limaleka kuchita maluwa. Pa mitsinde yonse amasiyako umodzi kapena iwiri, imene inayamba msanga, imene sinagwe ndi mvula ya Malichi ndi Epulo, imene therere lake ana analikonda. Zipatso zake zimauma pamtengo mpaka kuyamba kung'aluka m'mizere, n'kuonetsa njere zozungulira zotuwa, makumi angapo m'chipatso chimodzi. Amazimanga kamtolo n'kuzipachika kutsindwi la khitchini, kumene utsi ndi mwaye zimathamangitsa anankafumbwe, kapena amazisola n'kuzisunga m'botolo ndi phulusa. Mvula ikayandikira amaziviika m'madzi usiku umodzi, poti khungu lake ndi lolimba. Mayi wa ku Kaporo ndi mayi wa ku Choma, kunja kwa Mzuzu, amachita zofanana, koma nyengo imawasankhira zosiyana. Wa kunyanja amatsala ndi mbewu yopirira dzuwa, wa kumapiri amatsala ndi imene inakwanitsa kumera ndi kubereka m'chisanu ndi m'nkhungu.  Ngati mbewu ya therere yoyenera malo okwera ngati Viphya ilipo, ili m'mabotolo a amayi amenewa.

Pali chodabwitsa chimodzi chimene ofufuza a m'maiko ambiri akhala akuchipeza. Akayeza DNA ya therere lolimidwa, mitundu yooneka yosiyana kwambiri m'maso imapezeka yoyandikana m'chibadwa kuposa mmene munthu angaganizire. Utali, mtundu ndi mizere ya chipatso zimatha kusinthidwa ndi majini ochepa. Ndiye kuti maziko a mbewuyi ndi opapatiza kale, ndipo kusiyana pang'ono kumene kulipo n'kwamtengo wapatali.

Phunziro lake linachokera ku India, dziko limene limakolola therere loposa theka la dziko lonse lapansi, matani oposa mamiliyoni asanu ndi limodzi pachaka, kutsogola Nigeria. Mu 1924 ku Bombay kunalembedwa matenda a vairasi amene amasandutsa mitsempha ya masamba kukhala yachikasu, zipatso n'kumatuluka zazing'ono, zolimba, zotuwa. Amafalitsidwa ndi ntchentche zoyera, zomwe zija zimene alimi a chinangwa a ku Nkhata Bay amazidziwa bwino. Cha m'ma 1960 bungwe la kafukufuku la ku New Delhi linatulutsa mbewu yotchedwa Pusa Sawani, yopirira matendawa, ndipo inafalikira dziko lonse mpaka kukankhira pambali mbewu zambiri za m'midzi. Patapita zaka vairasi inaizolowera, Pusa Sawani n'kuyamba kudwala ngati zinzake. Akatswiri atafufuza m'therere lolimidwa sanapeze chitetezo chokwanira, ndipo anachita kubwerera kwa abale ake ena a m'banjamo. Mbewu ya Parbhani Kranti ya m'zaka za m'ma 1980 ndi Arka Anamika ya ku Bangalore zinatenga mphamvu zawo kwa abale amenewo, ena mwa iwo zitsamba zimene mlimi akanazizula ngati udzu. Mu Africa therere lili ndi adani akeake, vairasi yopiringiza masamba, ina yofalitsidwa ndi tizikumbu todumpha timene timaboola masamba, ndi timinyongolotsi totupitsa mizu, timene timavutitsanso fodya ndi tomato. Munda wa mtundu umodzi ukagwidwa umagwa wonse tsiku limodzi.

Ku Malawi kafukufuku wa boma wakhala akuyang'ana kwina. Kuyambira nthawi ya atsamunda, kudutsa ya Kamuzu Banda ndi ADMARC, kufika pa makuponi a 2005 ndi ndondomeko ya AIP ya 2020, ndalama ndi akatswiri zapita ku chimanga, fodya, thonje, mtedza ndi mpunga. Siteshoni ya Lunyangwa mu Mzuzu imadziwika ndi khofi ndi ng'ombe za mkaka, ya Mkondezi ku Nkhata Bay ndi chinangwa ndi zipatso, ya Baka ku Karonga ndi mbewu za kuchigwa, ndipo za masamba likulu lake ndi Bvumbwe, kutali ku Thyolo. Therere linatsala ngati mbewu ya amayi, yosalowa m'mabuku a zokolola. Kunyalanyazidwa kumeneku kunali ndi ubwino wake, chifukwa palibe amene anabwera ndi lole kudzagawa mtundu umodzi m'midzi yonse monga zinachitikira ndi chimanga. Koma kunachititsanso kuti mtundu ukatha, uthe popanda wolemba dzina lake. Mayi wokalamba akamwalira, botolo lake limatayidwa posesa m'nyumba.

Pali ena amene akugwira ntchito pafupi ndi nkhaniyi. Ku Ekwendeni, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mu Mzuzu, bungwe la Soils, Food and Healthy Communities linayamba mu 2000 pakati pa ogwira ntchito pachipatala cha mishoni, alimi ndi wofufuza wa ku Canada, Rachel Bezner Kerr. Linayamba ndi nandolo, mtedza ndi soya pofuna kuthana ndi kunyentchera kwa ana, n'kufika pa nkhokwe ya mbewu ya alimi ndi masiku ophikira pamodzi, kumene amuna nawonso amagwira mthiko. Ku Rumphi kuli nkhokwe ya mbewu ya Mkombezi, kumene alimi amabwereka mbewu za makolo n'kudzabweza atakolola, ndipo bungwe la Biodiversity Conservation Initiative la mu Mzuzu lakhala likugwira ntchito ndi nkhokwe zotere. Pa ziwonetsero za mbewu zimene magulu otere amakonza, chimanga cha makolo, nyemba, nzama ndi mawere ndizo zimatenga malo aakulu pa mphasa, njere za ndiwo n'kukhala m'mphepete.

Malamulo nawo sanalipatse malo. Pangano la maiko onse lokhudza mbewu za chakudya, limene linavomerezedwa mu 2001 ndipo Malawi ali momwemo, limanena za ufulu wa alimi wosunga, kusinthana ndi kugulitsa mbewu zawo, koma pa mndandanda wake wa mbewu 64 zimene maiko amagawana momasuka therere palibe. Kuno kwathu ndondomeko ya mbewu ya 2018 ndi lamulo latsopano la mbewu la 2022 zinadzetsa mkangano. Boma linkafuna kuthana ndi mavenda ogulitsa mbewu zachinyengo zopaka utoto, vuto limene ndi lenileni, pamene mabungwe ena oimira alimi ankadandaula kuti mbewu ya makolo, imene singakwanitse muyeso wofanana msinkhu ndi maonekedwe, ikutsala kunja kwa msika wovomerezeka. Therere la kumudzi silingapambane mayeso otere, popeza phindu lake lili m'kusafanana komweko. Kunja kwa dziko zinthu zayamba kusuntha pang'ono: nkhokwe ya World Vegetable Center ku Arusha m'dziko la Tanzania imasunga mbewu zambiri za ndiwo za mu Africa, therere lili momwemo, ndipo ndondomeko ya VACS imene inakhazikitsidwa mu 2023 ndi United States, African Union ndi FAO inaika therere pakati pa mbewu zoyenera kufufuzidwa mwapadera.

Nkhokwe ya dziko lino ili ku Chitedze, kunja kwa Lilongwe, ndipo inakhazikitsidwa mu 1992 ngati nthambi ya nkhokwe ya maiko a SADC imene ili ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka. Kumeneko njere zimaumitsidwa mpaka chinyezi chitatsala pang'ono kwambiri, n'kumatidwa m'timapaketi ta aluminiyamu, n'kuikidwa m'mafiriji ozizira madigiri pafupifupi 18 pansi pa ziro, paketi iliyonse ili ndi nambala, boma ndi mudzi kumene inatoledwa. Ntchito sithera pamenepo. Njere za m'firiji zimafooka pang'onopang'ono, ndiye pakapita zaka zimayenera kuyesedwa, ndipo zikayamba kukana kumera zimabzalidwanso kuti patuluke zatsopano. Kwa therere zimenezi zimatanthauza kutalikitsa mtundu uliwonse mamita mazana angapo kuchokera ku unzake, kapena kuyenda mzere ndi mzere madzulo aliwonse kuvala timatumba pa maluwa amene atseguke mawa, kuti njuchi isasakanize mbewu ya ku Karonga ndi ya ku Nsanje. Zonsezi zimafuna antchito, malo, madzi ndi magetsi osazimazima, ndipo pa mzere wodikira ndalama zochepa zimene zilipo, patsogolo pa therere pali chimanga, mapira, nyemba, khobwe ndi nzama.